Kusintha mafayilo a magemu akale a m'makatiriji: musadalire dzina, onani mkati

Fayilo ya gemu yakale ikakana kutseguka, ambiri amathamangira kuisintha dzina. Inali gemu.v64, aitcha gemu.z64, n'kuyesanso. Palibe chimene chimasintha. Zilembo zitatu za kumapeto kwa dzina zimangouza kompyuta pulogalamu yoti itsegulire fayiloyo, koma zamkati zimakhala momwe zinalili. Vuto limakula chifukwa mafayilo ambiri amene akuzungulira lero anadutsa kale m'manja mwa anthu oganiza chimodzimodzi, moti mupeza .smc yomwe kwenikweni ndi .sfc, kapena .n64 yomwe mkati mwake ndi .v64. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kuti fayilo muli nayoyo ndi yamtundu wanji. Mukadziwa zimenezo, kusinthako sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Fayilo zotere anthu amazitcha ROM, ndipo ndi kope la zonse zolembedwa mu tchipi ya m'katiriji. Katiriji ndi imodzi, koma mitundu ya mafayilo inachuluka chifukwa cha makina okopera a m'zaka za m'ma 1990, ambiri opangidwa ku Hong Kong ndi ku Taiwan: Super Magicom, Super Wild Card, Super Magic Drive, Doctor V64, Mr. Backup Z64. Aliwonse ankasunga gemu m'njira yawoyawo. Makinawo anatha kalekale, koma zizolowezi zawo zinatsalira m'mafayilo.

Ngati emulator yanu, pulogalamu yoseweretsa magemu akalewa pa kompyuta kapena pa foni, ikutsegula gemu bwinobwino ndipo mukungofuna kusewera, isiyeni fayiloyo momwe ilili. Snes9x, Mupen64Plus ndi Genesis Plus GX amazindikira okha mitundu yambiri. Kusintha kumafunika mukafuna kuika patch, kafayilo kosintha zina mkati mwa gemu, monga yomasulira gemu ya Chijapani m'Chingerezi, mukafuna kutsimikiza kuti fayilo yanu ndi yathunthu, kapena pulogalamu ina ikamaumirira mtundu umodzi wokha. Ndikulankhula za mafayilo amene mwakopera nokha kuchokera ku katiriji yanu ndi kachipangizo ngati Retrode kapena Open Source Cartridge Reader, kapena magemu amene eni ake anawatulutsa aulere. Magemu a Nintendo ndi Sega akadali ndi eni ake ngakhale akalamba.

Konzekerani kaye

Pangani foda yatsopano, mukoperemo fayilo yanu, ndipo muzigwira ntchito pa kopelo basi. Yoyambirira isakhudzidwe. Ngati ili mu zip kapena 7z, itulutseni kaye, chifukwa mukatsegula zip mu hex editor, pulogalamu yoonetsa zamkati mwa fayilo ngati manambala, mudzaona za zip, osati za gemu.

Pa Windows tsegulani File Explorer, pitani pa View, muchonge pa File name extensions kuti mayina azioneka athunthu. Kenako ikani HxD, hex editor yaulere komanso yaying'ono. Pa Linux ndi pa Mac mulinso kale xxd ndi dd, kapena n'zosavuta kuzipeza. Amene ali ndi foni ya Android yokha asadandaule: ikani Termux, pulogalamu yolemberamo malamulo ngati pa Linux, mulembe termux-setup-storage kuti ione mafayilo a m'foni, kenako pkg install python. Zonse zili m'munsizi zimatheka pa foni.

Pa fayilo iliyonse mufunika kudziwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukula kwake kwenikweni m'ma byte. Dinani kumanja pa fayilo, musankhe Properties, muwerenge nambala ya pa Size, osati ya pa Size on disk, chifukwa yachiwiriyo imakhala yokwezedwa. Chachiwiri ndi mzere woyamba wa zamkati. Mu HxD byte iliyonse imaoneka ngati zilembo ziwiri, kuyambira 00 kukafika FF, m'kawerengedwe kotchedwa hex. Kumanzere kuli nambala ya malo pamene muli, kumanja kuli mawu ngati alipo owerengeka. Pa Linux kapena Termux lembani:

xxd -l 64 gemu.n64

Nintendo 64: ma byte osinthana malo

Apa palibe choonjezedwa kapena chochotsedwa. Mitundu itatu yonse ndi yofanana kukula, Super Mario 64 ya mu 1996 imakhala 8 MB kulikonse. Chosiyana ndi dongosolo la ma byte, ndipo anayi oyambirira amaulula zonse.

Mukaona 80 37 12 40, imeneyo ndi z64, dongosolo lenileni la m'katiriji. Mukaona 37 80 40 12, ndi v64, mmene Doctor V64 wa kampani ya Bung inkasungira: ma byte awiriawiri asinthana malo. Mukaona 40 12 37 80, ndi imene ambiri amaitcha n64, pomwe ma byte anayianayi atembenuzidwa chafutambuyo.

Mutha kuona ndi maso popanda kuloweza manambala. Tsikani pa mzere umene kumanzere kwake kwalembedwa 00000020 mu HxD, muyang'ane kumanja. Pamenepo pamalembedwa dzina la gemu. Mu z64 muwerenga SUPER MARIO 64. Mu v64 pamatuluka USEP RAMIR O46. Mu mtundu wachitatuwo pamayamba ndi EPUSAM R. Dzina likawerengeka bwino ndiye kuti fayilo ili kale mu z64, kaya kunja kwalembedwa chiyani, ndipo apa pokha ndi pamene kusintha dzina kuli koyenera.

Mtundu wofunika kusunga ndi z64, chifukwa ndi umene ma patch ambiri ndi mapulogalamu atsopano amayembekezera. Kuchoka ku v64, lamulo limodzi likwanira pa Linux, Mac kapena Termux:

dd if=gemu.v64 of=gemu.z64 conv=swab

Lamulo lomweli limabwezeranso z64 ku v64, chifukwa kusinthanitsa kawiri kumakubwezerani pomwe munayambira. Ndiye samalani, musaliyendetse pa fayilo yomwe ili kale bwino. Komanso silithandiza pa mtundu wa 40 12 37 80. Ine ndimakonda kapulogalamu ka Python aka, chifukwa kamayamba kayang'ana ma byte anayi aja kasanachite kanthu. Lembani izi mu fayilo, muitche kuz64.py:

import sys
d = bytearray(open(sys.argv[1], "rb").read())
m = bytes(d[:4])
if m == b"\x37\x80\x40\x12":
    d[0::2], d[1::2] = d[1::2], d[0::2]
elif m == b"\x40\x12\x37\x80":
    d[0::4], d[1::4], d[2::4], d[3::4] = d[3::4], d[2::4], d[1::4], d[0::4]
open(sys.argv[2], "wb").write(d)

Kenako python kuz64.py gemu.n64 gemu.z64. Mipata ya kumayambiriro kwa mizere ija ndi yofunika mu Python, musaichotse. Amene safuna zolembalemba pa Windows angagwiritse ntchito Tool64, yongodina, kapena uCON64 ndi lamulo la ucon64 --z64 gemu.v64. Mukamaliza tsegulaninso fayilo yatsopanoyo muone ngati yayamba ndi 80 37 12 40.

Super Nintendo: ma byte 512 ovutitsa

Apa ndi pamene anthu ambiri amakodwa. Makina okopera a Super Nintendo ankaika ma byte 512 awoawo kutsogolo kwa gemu, olembamo zoti makinawo adziwe mmene angaikire gemuyo m'memory. Imeneyi ndiyo header. Siili mu katiriji, ndipo emulator ya masiku ano siifuna. Mwamwambo .smc, .swc ndi .fig zimakhala ndi header pomwe .sfc ilibe, koma mwambowu unasokonekera kalekale, choncho werengerani nokha.

Tengani kukula kwa fayilo, mugawe ndi 1024. Ikagawika yonse osatsala kanthu, header mulibe. Pakatsala 512, ilimo. Pa calculator wamba yankho limatha ndi .5 ngati header ilimo. Super Mario World yoyera ndi ma byte 524,288. Yokhala ndi header ndi 524,800.

N'chifukwa chiyani kanthu kakang'ono chonchi kamaononga gemu? Ma patch akale a mtundu wa IPS ndi osaganiza. Mkati mwake mumangolembedwa kuti pa malo akutiakuti, lemba ma byte awa. Safunsa ngati fayilo ndi yoyenera. Zili ngati telala amene wauzidwa kudula pa masentimita 40 kuchokera m'mphepete, koma nsalu mwamupatsayo ili ndi mpendero woonjezera: adula ndithu, mosakayika, koma pamalo polakwika. Patch yopangidwira fayilo ya header mukaiika pa yopanda header, chilichonse chimalembedwa ma byte 512 kutali ndi malo ake. Pulogalamu ikuuzani kuti zatheka, koma gemu ikatseguka sikirini imangokhala yakuda, kapena zithunzi zimabalalika. Ma patch a BPS ndi abwino pa chifukwa chimenechi: amasunga CRC32, nambala yozindikirira fayilo yomwe akufuna, ndipo akapatsidwa yolakwika amakana.

Kuchotsa header mu HxD kumayenda motere. Tsegulani fayilo, dinani Ctrl ndi E kuti patuluke Select block. Pa Start-offset lembani 0, pa End-offset lembani 1FF, ndipo onetsetsani kuti pasankhidwa hex, osati dec. 1FF ndi 511, ndipo poti kuwerenga kumayambira pa 0, amenewo ndi ma byte 512 ndendende. Chimene mwasankhacho nthawi zambiri chimakhala ma 00 okhaokha kupatula mzere woyamba. Mukaona kuti mwadzaza manambala osiyanasiyana mpaka pansi, imani, chifukwa mwina imeneyo ndi gemu yeniyeni ndipo header mulibe. Ngati zili bwino dinani Delete. HxD ichenjeza kuti kukula kwa fayilo kusintha. Vomerani, kenako Save as, muitche gemu.sfc.

Pa Linux, Mac kapena Termux:

dd if=gemu.smc of=gemu.sfc bs=512 skip=1

Kuti mutsimikize, dinani Ctrl ndi G mu HxD, mupite pa 7FC0. Magemu a mtundu wa LoROM amalemba dzina lawo pamenepo, ndipo mu Super Mario World mupeza SUPER MARIOWORLD, mawu awiri omalizawo atagundana. Magemu a HiROM, monga Chrono Trigger ndi Donkey Kong Country, dzina lili pa FFC0. Mukalipeza pa 81C0 kapena pa 101C0, header ikadalimo. Mukalipeza pa 7DC0, mwadula fayilo yomwe inalibe header, bwererani ku yoyambirira ija.

Nthawi zina mufunika kuchita zosiyana, kuika header pamene palibe, chifukwa patch yakale ikufuna choncho. Ma patch ambiri a m'zaka za m'ma 2000 anapangidwa motero, ndipo kafayilo ka readme kobwera nawo kamanena. Header yabodza ya ma 00 okhaokha imakwanira. Mu HxD ikani cholozera pa byte yoyamba, pitani pa Edit, Insert bytes, mulembe 200 mu hex. Pa Linux:

head -c 512 /dev/zero | cat - gemu.sfc > gemu.smc

Ikani patch yanu, kenako muchotsenso header ija ngati simukuifuna. Chenjezo kwa a Windows: malamulo okhala ndi chizindikiro cha > musawayendetse mu PowerShell yakale yobwera ndi Windows, chifukwa imatenga zodutsamo ngati mawu olembedwa n'kuononga fayilo yonse.

Pa foni njira yachidule ndi Rom Patcher JS, yomwe imagwira ntchito mu browser. Imaonetsa CRC32 ya fayilo, imazindikira header ya Super Nintendo, ndipo imakupatsani mwayi woichotsa kapena kuiika poika patch. Fayilo siitumizidwa kulikonse, zonse zimachitikira m'foni momwemo, choncho bandulo yanu siivutika.

Mega Drive: kudula kokha sikukwanira

Mafayilo a .bin, .gen ndi .md nthawi zambiri ndi chinthu chimodzi, kope loyera la katiriji. Pitani pa 100 mu HxD ndipo muwerenga SEGA MEGA DRIVE kapena SEGA GENESIS. Mukaona mawuwo pamalopo, palibe chosintha kupatula dzina ngati mukufuna. Kompyuta zina zimatsegula .md ngati fayilo ya zolembalemba, zikatero ingoitchani .bin.

Yovuta ndi .smd ya makina a Super Magic Drive. Nayo ili ndi header ya ma byte 512, ndipo ambiri amaganiza kuti akaidula ngati ya Super Nintendo ndiye kuti zatha. Ayi. Kuseri kwa header gemuyo inaduladulidwa m'zigawo za 16 KB, ndipo m'chigawo chilichonse ma byte anapatulidwa: a pa malo 1, 3, 5 ndi otero anaikidwa m'theka loyamba, a pa malo 0, 2, 4 m'theka lachiwiri. Pofunika kuwalukanso kuti abwerere mwakale.

Kuizindikira n'kosavuta. Ma byte a pa malo 8 ndi 9 nthawi zambiri amakhala AA BB. Chizindikiro chodalirika kwambiri chili pa 280: pamenepo mupeza EAMG RV, zilembo za SEGA MEGA DRIVE zitadumphadumpha chimodzichimodzi, kapena EAGN ngati ndi gemu ya Genesis ya ku America. Zilembo zotsalazo zili kutali, pa 2280.

Ndi uCON64 lembani ucon64 --bin gemu.smd. Ndi Python:

d = open("gemu.smd", "rb").read()[512:]
t = bytearray(len(d))
for i in range(0, len(d), 16384):
    c = d[i:i+16384]
    t[i+1:i+16384:2] = c[:8192]
    t[i:i+16384:2] = c[8192:]
open("gemu.bin", "wb").write(t)

Onani pa 100. Pakatuluka SEGA, zayenda. Pakatuluka ESAG, ndiye kuti matheka awiri aja asinthana, onani ngati munalemba bwino mizere iwiri ya pakatiyo.

Palinso kena kodabwitsa pa Mega Drive. Pa malo a 18E pamasungidwa nambala yophatikiza zamkati zonse kuyambira pa 200 mpaka kumapeto, ndipo magemu ena amadziwerengera okha akamayamba. Sonic the Hedgehog ya mu 1991 ikapeza kuti nambalayo siikugwirizana, imangoonetsa sikirini yofiira n'kuima. Kuchoka ku smd kupita ku bin sikusokoneza nambalayi, koma patch imatha kutero. Mukaona zofiirazo mutaika patch, fayilo sinafe. Lamulo la ucon64 --chk gemu.bin limakonza nambalayo.

NES: apa header musaichotse

Mukazolowera kudula ma header mutha kupitirira nazo, koma pa NES ndi Famicom, yomwe ndi NES ya ku Japan, zinthu n'zosiyana. Makatiriji ake anali ndi matchipi oonjezera osiyanasiyana, otchedwa mapper, othandiza makina a mu 1983 kufikira gemu yaikulu kuposa imene akanatha kuiona pakamodzi. Zamkati mwa gemu sizinena kuti katiriji inali ndi mapper iti. Ndiye Marat Fayzullin, mlembi wa emulator ya iNES, anakonza header ya ma byte 16 yofotokoza zimenezo, ndipo popanda iyo ma emulator ambiri sadziwa poyambira.

Fayilo ya .nes yabwino imayamba ndi 4E 45 53 1A. Byte yotsatira imanena kuchuluka kwa zigawo za 16 KB za pulogalamu, inayo zigawo za 8 KB za zithunzi. Super Mario Bros. ili ndi 02 ndi 01, ndiye kukula kwake ndi 16 kuphatikiza 32,768 kuphatikiza 8,192, zomwe ndi ma byte 40,976. Mutha kuwerengera chonchi pa gemu iliyonse kuti muone ngati fayilo ndi yathunthu.

Vuto lofala m'mafayilo akale ndi zinyalala mu header. Mukayang'ana mzere woyamba n'kuona mawu akuti DiskDude! kumanja, ameneyo ndi dzina limene pulogalamu ina yakale inkasiya m'malo omwe panthawiyo ankaoneka ngati opanda ntchito. Tsoka lake, chilembo D chinagwera pa byte 7, yomwe pambuyo pake inayamba kusunga theka la nambala ya mapper. D ndi 44 mu hex, ndipo zimenezi zimakweza nambala ya mapper ndi 64. Super Mario Bros. 3, ya mapper 4, imaoneka ngati ya mapper 68, gemu n'kukana. Lembani 00 pa ma byte onse kuyambira 7 mpaka F, musunge. Izi zimathandiza pa magemu a mapper yosafika 16, omwe ndi ambiri mwa otchuka. Koma musafufute chisawawa: mafayilo a mtundu watsopano wa NES 2.0 amagwiritsa ntchito ma byte amenewo moyenera, ndipo mumawadziwa chifukwa byte 7 imathera ndi 8, 9, A kapena B. Fufutani pokhapokha mukaona mawu owerengeka.

Makatiriji aja a magemu ambirimbiri mu imodzi, omwe ankabwera ndi magemu a pa TV otsanzira Famicom amene ambirife tinakulira, anali ndi ma mapper achilendo. N'chifukwa chake makope ake ena ali mu mtundu wa .unf. Musalimbane n'kuwasintha pamanja. FCEUX ndi Mesen amawatsegula momwe alili.

Za Game Boy palibe chonena chambiri. .gb, .gbc ndi .gba ndi makope oyera, alibe zotembenuza.

Tsimikizani, kenako ikani patch

Gemu kutseguka si umboni woti fayilo ili bwino. Umboni ndi nambala ya CRC32 kapena SHA-1. Ngati muli ndi 7-Zip, dinani kumanja pa fayilo, mupeze CRC SHA. Pa Windows mulinso certutil -hashfile gemu.z64 SHA1, pa Linux sha1sum gemu.z64. Byte imodzi yokha ikasiyana, nambala yonse imasintha. Yerekezani ndi imene yalembedwa mu readme ya patch, kapena ndi mndandanda wa No-Intro, gulu limene limasunga manambala a makope oyera a makatiriji. Mwachitsanzo Super Mario 64 ya ku America mu z64 ili ndi SHA-1 yoyamba ndi 9bef1128. Ya v64 ya gemu yomweyo ipereka nambala ina kotheratu, ngakhale ili yabwinobwino.

Mukasintha dzina la ROM, kumbukirani fayilo ya save. Ma emulator ambiri amaifuna ndi dzina lofanana ndi la gemu, monga gemu.srm kapena gemu.sav. Dzina la gemu likasintha koma la save ayi, zidzaoneka ngati mwataya zonse munasewera, pomwe zili pomwepo m'foda.

Ngati mtundu uli bwino, header mwaiona, koma nambala ikukanabe, vuto si mtundu wa fayilo. Gemu imodzi inkatuluka kangapo: ya ku Japan, ya ku America, ya ku Ulaya, komanso yokonzedwanso ya Rev 1 kapena Rev A. Palibe pulogalamu yosandutsa ya ku Ulaya kukhala ya ku America, chifukwa zamkati n'zosiyana. Pa Nintendo 64 onani byte ya pa 3E mu z64: E ndi America, J ndi Japan, P ndi Ulaya, ndipo ya pa 3F imanena kuti ndi kutuluka kwachingati, kuyambira 00. Pa Mega Drive zilembo za dera zili pa 1F0. Zikasiyana ndi zimene patch ikufuna, mufunika katiriji ya dera limenelo, kapena patch yopangidwira imene muli nayoyo.